Zimbalangondo za ku Alaska: ndinyamule mfuti kapena tsabola?

Yamikani wa ku Fairbanks:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani, chonde musandiseke. Kuyambira June mpaka August ndikakhala kutchire, kumtsinje wina wa chakummwera kwa Alaska kuno, kukawerenga nsomba za salmon zikamakwera kudzaikira mazira. Ndi mbali ya kafukufuku wa sukulu. Tikakhala anthu 4 m'matenti. Kandege kotera pamadzi kakatitula n'kutisiya, kenako kazibwera pakatha masabata 2 aliwonse kudzasiya chakudya. Vuto ndi loti kumene kuli salmon n'kumenenso kuli zimbalangondo. Amene anapitako chaka chatha akuti ankaziona tsiku ndi tsiku, nthawi zina 5 kapena 6 zikugwira nsomba pamalo amodzi.

Oyang'anira pulojekiti akuti aliyense apatsidwa kachitini ka bear spray, tsabola wopopera chimbalangondo, ndipo pamsasa pakhala shotgun imodzi ya tonse. Ine mtima sukukhala m'malo. Ndakulira ku Nkhotakota, ng'ona ndi mvuu ndimazidziwa, koma chimbalangondo ndinkangochimva kutchalitchi pa nkhani ya Davide. Ndiye ndikakumane ndi chinyama cha makilo 400 nditanyamula tsabola? Ndasunga kandalama pang'ono, ndikuganiza zogula pisitolo yangayanga. Mnzanga wina akuti Glock 20, wina akuti .44 Magnum. Odziwa ndithandizeni.

Madalitso wa ku South Bend:
Achimwene, munachoka ku Bunda kudzawerenga nsomba za eni ake? Usipa wa ku Nkhotakota munamaliza kuwerenga?

Mayi Abusa a ku Dallas:
Mwana wanga, kodi ntchito imeneyi singachitike pa kompyuta? Mayi ako akudziwa zimenezi?

Yamikani:
Amayi ndinangowauza kuti ndikupita kumtsinje, zinazo ndinasiya.

Ankolo Phiri a ku Anchorage:
Mphwanga, wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Koma uyambe wandiyankha ine. Unawombapo mfuti chibadwire?

Yamikani:
Ayi ankolo. Legeni yokha.

Ankolo Phiri:
Ndiye za pisitolo iwalako. Ine ndinagwira mfuti zaka 12 ku usilikali kwathu, kuno ndakhala zaka 19, ndipo ndikuuza kuti pa mfuti zonse, pisitolo ndiye yovuta kulasa nayo. Anthu amanamizidwa ndi mafilimu. .44 Magnum ikalira dzanja limadumphira m'mwamba, usanalibweze m'malo chinthu chija chafika kale. Chimbalangondo chimathamanga makilomita 55 pa ola. Amenewo ndi mamita 15 pa sekondi imodzi. M'mbali mwa mitsinje ya salmon mumakhala zitsamba za alder zowirira ndi udzu wotalika kuposa munthu, moti umachiona chili pa mamita 20, mwina 10. Werengera wekha nthawi imene uli nayo. Ndipo malo oti ukalasa chigwere pomwepo ndi ubongo kapena fupa la msana basi. Ubongowo ndi kanthu kochepa, mutu ukugwedezeka uku chikubwera. Ukalasa pamtima chifa ndithu, koma chifa chitathana nawe.

Ngati ndi mfuti, ikhale yaitali. Shotgun ya 12 gauge, Remington 870 kapena Mossberg 500, ija kwathu timati chifefe, koma uikemo ma slug, chipolopolo chimodzi chachikulu, osati tija towombera nkhanga. Ine ndimayenda ndi Marlin 1895 ya .45-70. Za tsabolazo ndi za alendo odzajambula zithunzi.

Nabanda wa ku Calgary:
Ankolo, zonse mwanenazo ndagwirizana nazo kupatula mawu omalizawo. Inu nomwe mwafotokoza kuti kulasa chimbalangondo chothamanga n'kovuta, ndiye n'chifukwa chake tsabolayo anapangidwa.

Yamikani, usaganize za kaja amayi amaika m'kachikwama poopa achifwamba. Ichi ndi chitini cha magalamu 225 kapena kuposa, muli capsaicin, chimene chimawawitsa tsabola, kuyambira 1 mpaka 2 peresenti. Ukadina chimatulutsa chimtambo chofiirira chofika mamita 7 mpaka 9, ndipo chitini chonse chimatha pa masekondi osakwana 10. Sufunika kulasa padiso. Umaloza chapansi pang'ono, kutsogolo kwa chinyamacho, kuti chikamabwera chilowe chokha mumtambomo. Mphuno ya chimbalangondo imamva fungo kuposa ya galu, ndiye tsabolayo akalowa m'mphuno, m'maso ndi m'mapapo, chimaiwala zimene chimadzera.

Kuno ku Canada mfuti m'ma national park n'zoletsedwa, ndiye ku Banff ndi ku Jasper tonse timayenda ndi tsabola. Ine ndinapoperapo kamodzi, ku Kananaskis, mu August nthawi ya zipatso zakutchire. Tinali awiri, tinakhota pangodya ya njira n'kupeza grizzly, chimbalangondo chofiirira, yaikazi ndi mwana wake. Inabwera makutu atagona kumbuyo. Sindikumbuka n'komwe kuchotsa kachotsekera. Ndimangokumbuka kuti inakhotera m'tchire ikuyetsemula, ine ndi mnzanga tikutsokomola misozi ili chuchuchu. Ndikanakhala ndi mfuti tsiku limenelo, mmene manja ankanjenjemera, ndikanawombera mnzangayo.

Madalitso:
Ndiye nkhani yake ndi kambuzi wa m'chitini basi? Ndili ndi mabotolo awiri a Nali m'kabati, achimwene ndikutumizireni.

Thoko wa ku Halifax:
Madalitso ukuseka, koma alimi oyandikana ndi malo osungira nyama kwathu ndi ku Luangwa amathamangitsa njovu ndi tsabola yemweyo. Amapaka pazingwe za mpanda, ena amasakaniza ndi ndowe n'kuwotcha kuti utsi uzipita kumene kukuchokera njovu. Nyama yodalira mphuno umailanga pamphuno.

A Mbewe a ku Bozeman:
Ndachedwa kulowa, ndinali m'kalasi. Tisanakangane za zipolopolo, Yamikani, uli pa viza yanji?

Yamikani:
F-1, adokotala.

A Mbewe:
Ndiye mvetsera bwino, chifukwa ichi chikhoza kukupweteka msanga kuposa chimbalangondo. Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa munthu amene analowa pa viza ya kanthawi, monga F-1, J-1 kapena H-1B, kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo. Pali mipata ingapo imene lamulolo linasiya, ndipo umene ambiri amadutsira ndi wokhala ndi laisensi ya ulenje yosatha ntchito, yoperekedwa ndi boma la state. Popanda imeneyo ndi mlandu waukulu, woti viza imathera pomwepo. Anzako a ku Alaska akuuza kuti kuno aliyense amanyamula mfuti popanda pepala. Akunena zoona, koma akunena za iwowo, nzika. Iwe suli m'gulu limenelo.

Ndipo sizikukhudza kugula kokha. Ngakhale shotgun ya pamsasa ija, usanaigwire funsa ofesi yoona za ophunzira akunja ndi oyang'anira pulojekiti, akuyankhe polemba.

Yamikani:
Eee! Izi palibe anandiuzapo. Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kupita kumalo owomberako ndi mnzanga uja.

Ankolo Phiri:
Apo a Mbewe anena zoona, ndinaiwala poti ine ndinatenga unzika kalekale. Tenga laisensi ya Fish and Game, ofesi ya Alaska yoona za nsomba ndi nyama, mphwanga, sivuta. Koma pa nkhani ya tsabola sindinasunthe.

A Mbewe:
Chabwino achimwene, tiyeni tione zimene anapeza amene anawerengadi. Pali akatswiri awiri, Tom Smith ndi Stephen Herrero, amene atha zaka zambiri akufufuza za zimbalangondo. Mu 2008 iwo ndi anzawo anatulutsa kafukufuku wa bear spray ku Alaska komweko, nkhani 83 za pakati pa 1985 ndi 2006. Anapeza kuti tsabola analetsa zimbalangondo zofiirira pa 92 peresenti ya nthawi zimene anapoperedwa, zakuda pa 90 peresenti. Mwa anthu onse amene ananyamula tsabolayo, 98 pa 100 alionse anachoka osavulala, ndipo amene anavulalawo sanavulale modetsa nkhawa.

Mu 2012 anatulutsa wina wa mfuti, nkhani 269 za kuyambira 1883 mpaka 2009. Mfuti zazitali zinathandiza pa 76 peresenti, mapisitolo pa 84 peresenti. Chimene chinadabwitsa anthu n'choti amene anawomba ndi amene anali ndi mfuti koma osawomba anavulala mofanana. Zifukwa zake n'zimene mungaganize: nthawi inachepa, mfuti inali yokhoma, ina inakakamira, wina anaphonya, wina anapunthwa n'kugwa akubwerera chambuyo, wina analephera kuwomba chifukwa chinyama chinali kale pamwamba pa mnzake.

Ankolo Phiri:
Adokotala, sukulu ndinalekera panjira koma masamu awa ndikuwaona pamene apindikira. Mukuyerekeza zinthu zosiyana. Munthu amapopera tsabola ngakhale chimbalangondo chikungonunkhiza poto wake, chikachoka n'kulemba kuti tsabola wagwira ntchito. Mfuti munthu amaitulutsa zinthu zitafika kale poipa. Ndiponso mukuphatikiza mfuti za 1883, agogodela enieni, ndi za lero. Komanso ndi angati amene anawombera chimbalangondo kutchire n'kukhala chete osakanena kuboma? Amenewo m'buku lanu mulibe.

A Mbewe:
Pamenepo mwalasa, ndipo sindikutsutsani. Makafukufuku awiriwa sanapangidwe kuti aziikidwa pasikelo imodzi, ndipo nkhani zambiri za tsabola sizinali za chinyama chothamangira munthu. Amene amangoti 92 yaposa 76 ndiye nkhani yatha akuchita ulesi. Koma pali chimodzi chimene sichisuntha: mwa anthu wamba amene anapopera, ambiri osaphunzitsidwa n'komwe, pafupifupi onse anabwerera kwawo ndi miyendo yawo. Mfuti kuti ichite zimenezo imafuna munthu ngati inu. Yamikani si inu. Ali ndi masabata 6.

Nabanda:
Ndipo zoti mapisitolo anaposa mfuti zazitali zili ndi phunziro lake. Mphamvu ya chipolopolo ndi yochepa, koma pisitolo imakhala pathupi. Mfuti yaitali imakhala itatsamira pamtengo iwe uli m'madzi, manja onse ali pa neti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Thoko:
Pamenepa ndiye pagona nkhani kwa munthu wa nsomba. Ndagwirapo ntchito yotere. Wavala ma wader, mabuluku osalowa madzi ofika pachifuwa, dzanja lina lagwira nsomba, lina cholembera, madzi akusokosera moti sumva kanthu, nachonso chimbalangondo sichikukumva. Mfuti ya makilo 3 ndi theka suyenda nayo kumsana tsiku lonse ukuwerama. Tsiku loyamba uyenda nayo, lachitatu uisiya pamtunda.

Ankolo Phiri:
N'chifukwa chake pagulu pamakhala mmodzi wosagwira nsomba, ntchito yake kuyang'ana basi, mfuti ili m'manja. Musinthana. Ku usilikali sitinkadya tonse nthawi imodzi.

Koma poti mukutamanda tsabola, ndikufunseni za Banff, kwanu komweko Nabanda. September 2023.

Nabanda:
Ndimadziwa kuti mufika pamenepo, ankolo. Inde. Banja lina, anthu ozolowera tchire kwa zaka zambiri, linaphedwa ndi grizzly pamodzi ndi galu wawo kuchigwa cha Red Deer River, usiku pamsasa. Anakwanitsa kutumiza uthenga pa kachipangizo ka satelayiti, koma nyengo inali yoipa, helikopita sinathe kuuluka, opulumutsa anayenda pansi n'kufika pakati pa usiku zonse zitatha. Anapeza chitini chimodzi cha tsabola chitatheratu. Chakudya anali atachipachika bwinobwino. Chimbalangondocho chinali chachikazi, chokalamba zaka zoposa 25, mano atatha, chowonda nthawi imene chimayenera kukhala chitanenepa kukonzekera chisanu. Chinathamangiranso opulumutsawo, iwo n'kuchiwombera.

Sindinama, nkhani imeneyi inandisowetsa tulo. Chaka chimenecho sindinapitenso kumapiri. Tsabola si mankhwala a asing'anga oti zipolopolo zisanduke madzi. Chinyama chanjala chimene chatsimikiza kuti ndiwe ndiwo chikhoza kuchoka n'kubweranso, ndipo chitini chikatha chatha.

A Mbewe:
Kuno ku Montana kuli Todd Orr. October 2016, kumapiri a kufupi ndi Ennis. Anapopera grizzly yaikazi ya ana, koma inali pa liwiro loti inangoboola mtambowo n'kumugwetsa. Itamusiya anayamba kubwerera, inamupezanso kachiwiri. Anayenda yekha makilomita pafupifupi 5 kukafika pagalimoto, magazi ali chuu, n'kudziyendetsa mpaka kuchipatala. Okonda mfuti amaikonda nkhaniyi, koma amasiya mbali imodzi: munthuyu analinso ndi pisitolo, ndipo sanapeze mpata woigwiritsa ntchito. Chimene chinamupulumutsa n'kugona chafufumimba, manja atagwira kukhosi, chikwama chikuteteza msana, osasuntha.

Ankolo Phiri:
Nanga Phil Shoemaker? Chaka chomwecho cha 2016, kuno ku Alaska, akuperekeza anthu owedza. Chimbalangondo chachimuna chinawathamangira, iye anachipha ndi kapisitolo ka 9mm. Tsabola akanatani pamenepo, alendo ake atagwa pansi chili pamwamba pawo?

A Mbewe:
Munthu amene wakhala akuperekeza alenje a zimbalangondo zaka zoposa 30, ataikamo zipolopolo zolimba zopangidwira kuboola mafupa, n'kuwomba kangapo mosaphonya. Mwandithandiza mfundo yanga, achimwene. Pamenepo inagwira ntchito si 9mm, ndi Shoemaker.

Madalitso:
Ine ndikuona kuti njira yabwino ndi kupita ndi munthu amene mumamuposa liwiro.

Mayi Abusa:
Madalitso, nkhani ya moyo wa mnzako sitichita nayo nthabwala.

Madalitso:
Pepani amayi.

Nabanda:
Komanso kuthamanga ndiye kulakwa kwenikweni. Ukathawa umadzutsa mtima wothamangitsa. Umaima, kulankhula nacho modekha, kubwerera pang'onopang'ono. Nthawi zambiri chikathamangira munthu chimangoopseza, chimaima kapena kukhota chisanafike. Apanso mfuti ili ndi vuto lake: ukawombera chimene chimangoopseza n'kuchivulaza, wayambitsa ndewu imene kunalibe.

Yamikani:
Nanga mphepo? Akuti kumeneko imawomba kwambiri. Ndikapopera n'kubwerera kwa ine?

A Mbewe:
Imabwerera ndithu, Nabanda wakuuza kuti analira. Mu kafukufuku wa 2008 uja mphepo inasokoneza pa 7 peresenti ya nkhanizo, koma ngakhale pamenepo tsabola anafikabe pachinyama, chifukwa amatuluka mwamphamvu. Kukakhala mphepo yochokera kutsogolo umadikira chifike pafupi. Kulira misozi theka la ola n'kwabwino kuposa kusokedwa kumutu.

Zina zazing'ono zimene anthu amaphonya. Yang'ana deti pachitini, chifukwa chimatha mphamvu pakapita zaka 3 kapena 4, mpweya wokankha umachepa. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa. Usachisiye m'galimoto yotentha, chimaphulika. Ndipo chonde usapopere patenti kapena pazovala ngati mankhwala a udzudzu. Tom Smith yemweyo anaona zimbalangondo zikugubuduka pamalo popoperedwa tsabola, chifukwa ukali ukatha fungo lotsalalo limazikopa.

Thoko:
Ine ndiikepo za kumene mfuti ilidi yofunika, kuti ankolo asaone ngati tawaunjikira. Ndili pasukulu ku Norway ndinapita kuzilumba za Svalbard kukachita kosi. Kumeneko ukatuluka m'tauni ya Longyearbyen lamulo limafuna kuti ukhale ndi choopsezera zimbalangondo zoyera, ndipo anthu amanyamula kamfuti kowombera moto m'mwamba pamodzi ndi mfuti yaikulu, .308 kapena .30-06. Sabata yoyamba yonse timaphunzira chitetezo, kuwombera kuli momwemo. Chimbalangondo choyera chimadya nyama basi, chikamakutsata sikuti chadzidzimuka ayi.

Koma anatiphunzitsanso nkhani ya August 2011. Gulu la achinyamata ochokera ku Britain linagona m'matenti pafupi ndi madzi oundana. Chingwe chochenjeza chimene anazunguliza msasa sichinalire, panalibe wolondera usiku, ndipo mtsogoleri atatenga mfuti inakana kulira kangapo. Mnyamata wa zaka 17 anafa, ena 4 anavulala. Mfuti inalipo. Chimene chinasowa ndi zonse zoyenera kuchitika mfuti isanafunike.

Ankolo Phiri:
Apo ndiye wanena ngati msilikali, mwana wanga. Mfuti imene sunaiyese ndi chibonga.

Ndikuuzenso ichi mphwanga, poti walira mvula walira matope. Kuno ukapha chimbalangondo podziteteza, lamulo limalola, amati DLP, kutanthauza kuteteza moyo kapena katundu. Koma sikuti umangochisiya n'kumapita. Uyenera kukanena msanga kwa a Fish and Game kapena kwa ma trooper, apolisi a state, usende chikopa chonse zikhadabo zili pomwepo, udule mutu, zonsezo ukapereke kuboma, ndipo ulembe lipoti pasanathe masiku 15. Sutenga kanthu. Ndipo akapeza kuti unachikopa wekha posiya chakudya poyera, mlandu ndi wako. Unasendapo mbuzi? Ndiye ganiza mbuzi 15 zitalumikizana, uli m'matope, udzudzu uli ng'waa, zinzake zikununkhiza magazi chapafupi. Ndinathandizapo mnzanga kamodzi, sindifunanso.

A Mbewe:
Kuno ku Montana n'kovutirapo, chifukwa grizzly ya ma state a kumunsi kwa Canada kuno ili pa mndandanda wa nyama zotetezedwa kuyambira 1975. Ukapha imodzi amabwera a boma lalikulu kudzafufuza.

Yamikani:
Nkhani ya kugona ngati wafa ija, imagwira pa chilichonse?

Nabanda:
Ayi, ndipo apa usasokoneze. Uyambe wadziwa kusiyanitsa, koma usadalire mtundu wa ubweya, chifukwa chakuda chimatha kukhala chofiirira. Grizzly ili ndi linunda pamapewa ngati ng'ombe ya kwathu, nkhope yolowa m'kati, makutu aafupi, zikhadabo zazitali. Chakuda chilibe linunda, nkhope ndi yowongoka, makutu ataliatali.

Grizzly imene waidzidzimutsa, kapena ya ana, kapena ili pa nyama yake, ikufuna kuti uleke kuiopseza. Ikakugwetsa gona chafufumimba, tambasula miyendo kuti isakutembenuze, teteza khosi, ndipo usadzuke msanga. Koma chakuda chikakugwira, kapena chilichonse chimene chakutsata mwakachetechete kapena chakupeza m'tenti usiku, chimenecho chikufuna kudya. Menya ndi chilichonse, pamphuno ndi m'maso. Herrero anawerenga anthu 63 amene anaphedwa ndi zimbalangondo zakuda pakati pa 1900 ndi 2009, ndipo pafupifupi 9 pa nkhani 10 zilizonse chinali chosaka, nthawi zambiri chachimuna chokhachokha, osati chachikazi cha ana chimene anthu amaopa.

Ankolo Phiri:
June 2017 tinaziona kuno. Mnyamata wa zaka 16 anaphedwa ndi chakuda pa mpikisano wothamanga ku Bird Ridge, kunja kwa Anchorage. Mawa lake lomwe chinanso chinapha wogwira ntchito kufupi ndi mgodi wa Pogo. Anthu amachiderera chakudacho poti ndi chaching'ono.

Thoko:
Yamikani, pa miyezi 3 imeneyo chimene chidzakusunge kwambiri ndi mmene mukonzere msasa. Zimbalangondo za kumitsinje ya salmon zimakhala zokhuta ndipo zinazolowera kupanikizana, nthawi zambiri zimangokudutsa. Vuto limayamba chimodzi chikalawa chakudya cha anthu. Kophikira kukhale mamita 100 kuchoka pogona, kumene mphepo ikulowera. Chakudya, zinyalala, sopo, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola, zonse m'migolo yokhoma. Zovala zogwirira nsomba zisalowe m'tenti. Tenti isakhale panjira yawo, ndipo njirazo zimaoneka bwino m'mbali mwa mtsinje, zoponderezeka ngati za mvuu kwanu kuja. Funsa ngati pali mpanda wamagetsi wonyamula m'manja, woyendera mabatire. Ndi nzeru yomwe ija ya mpanda wa ku Liwonde, kungoti uwu umalowa m'chikwama. Chikagunda waya ndi mphuno yonyowa sichibweranso. Poyenda muzilankhula mokweza, makamaka pokhota ndi pamene madzi akusokosera. Timabelu tomangirira pachikwama tija sitimveka patali.

Madalitso:
Achimwene muziimba nyimbo za kwaya ya Mvano, mawu anu aja ngakhale chimbalangondo chithawa.

Mayi Abusa:
Imeneyo ndiye ndavomereza. Uziimba ndithu mwana wanga, ife tizipemphera kuno.

Nabanda:
China: tsabolayo m'ndege zikuluzikulu saloleza, m'chikwama cha m'manja ngakhale cholongedza. Ugule kapena ulandire komweko. Pa kandege kakang'onoko umuuze woyendetsa, amakaika kunja m'zoyandamitsira zija kapena m'bokosi lotseka, chifukwa kakaphulika m'kati muli m'mwamba nonse mwapita. Ndipo upemphe zitini ziwiri, china chizigona nawe m'tenti pamalo amodzimodzi usiku uliwonse, pamodzi ndi tochi. Pali zitini zoyeserera zopanda tsabola, gula chimodzi uyese kusolola mpaka dzanja lizolowere.

Ankolo Phiri:
Ine mawu anga omaliza: tenga laisensi, chita kosi ya shotgun imene akupatseniyo, uidziwe mfuti ya pamsasayo ngati mmene umadziwira foni yako, kuika zipolopolo mumdima, kuchotsa loko osayang'ana. Ndalama ya pisitoloyo gulira zipolopolo zoyeserera. Ukamadutsa ku Anchorage undiimbire, ndikakutengere kumalo owomberako a Rabbit Creek ukawombe ma slug 50, phewa likatupe.

Nabanda:
Ankolo, funso limodzi lokha. Aunt akamapita kothyola mabulosi ku Hatcher Pass amanyamula chiyani?

Ankolo Phiri:
Amenewo ndi nkhani ina.

Nabanda:
Amanyamula chiyani, ankolo?

Ankolo Phiri:
Tsabola wa Counter Assault. Ndinawagulira ndine. Inenso ndimakhala nako kamodzi palamba, koma sindimafuna a Mbewe adziwe.

A Mbewe:
Ndajambula kale uthengawu, achimwene, musavutike kufufuta.

Yamikani:
Akuluakulu, ndabweranso patatha masabata awiri kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ofesi inandiyankha polemba monga ananenera adokotala, laisensi ndatenga, kosi ndachita Lachisanu. Anatiikira chithunzi cha chimbalangondo pa kangolo kokokedwa ndi chingwe, chikubwera kwa iwe mothamanga. Ulendo woyamba ndinaiwala kuchotsa loko, chinandipeza ndisanawombe n'kamodzi komwe. Wachiwiri ndinawomba kawiri, chimodzi chinalasa mwendo, china sitinachione kumene chinapita. Ndipo chimenecho ndi chithunzi cha pepala, ndikudziwa kumene chichokere ndi nthawi yake. Za Glock ndasiya.

Chitini choyeserera ndinagula. Mnzanga ankawerenga nthawi pafoni. Chili m'thumba la m'mbali mwa chikwama, masekondi 6. Chili palamba nditavala ma wader, sindinachifikire n'komwe, chinali m'kati. Ndagula kalamba kapachifuwa, tsopano ndi masekondi 2, nditavala magolovesi 3. Mpanda wamagetsi akuti ulipo. Ankolo, ndifika ku Anchorage pa 6 June madzulo, ndege yopita kutchire ndi ya pa 9.

Funso lomaliza. Amayi ananditumizira usipa wouma makilo 2 ndi ufa, ndimati ndipite nazo kuti ndizikumbukirako kwathu.

Thoko:
Usipa wouma? Kumsasa wa pakati pa zimbalangondo? Ufa tenga. Usipawo ngakhale m'mgolo wokhoma, tsiku lokazinga adzabwera onse a mtsinje wonsewo.

Ankolo Phiri:
Bwera nawo kuno, ndikusungira mufiriji mpaka August.

Madalitso:
Achimwene musawakhulupirire ankolo, simudzaupeza. Adilesi yanga ndakutumizirani ku inbox.